Anditcha Kapolo pa Bwalo Langa

Bapong, 14 Julaye 1996

Rozalia mlongo wanga,

Anditukwana. Anditukwana dzuwa likuswa mtengo, pa bwalo langa, anthu anga a lendi akumva. Moni ndikupatsa, koma uyambe wamva zimenezi.

Lero pochokera ku tchalitchi ndapeza alamu anga a Pitso, mlongo wake wa malemu mkazi wanga Dikeledi, ataima pa mpopi ndi amayi awiri a kwawo. Ayamba Chitswana chawo chothamanga chija. Ukudziwa kuti ine Chitswana ndinachikana. Ku mgodi tinkamvana pa Chifanakalo, m'nyumba Dikeledi anaphunzira Chichewa mpaka ankandikalipira nacho, ndiye cha eni akecho ndikanachitengeranji? Koma mawu awa ndawamva katatu konse ndi makutu angawa: "kapolo ya Yona." A Pitso akuloza ine, akuloza kansalu kakuda kamene anandimanga pa mkono tsiku la maliro, n'kutchula tsiku lake, Loweruka pa 3 Ogasiti.

Ine kapolo? Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndagwira pansi pa nthaka kuno ku Joni. Anzanga atabwerera kumudzi ine ndinatsala, ndinamanga. Kuseli kwa nyumba kuno kuli zipinda zisanu ndi chimodzi za lendi. Njerwa ndinaumba ndekha, malata ndinkagula ku Brits limodzilimodzi n'kukhoma ndi hamala yanga. Kuno mwini zipinda amamutcha mastandi, ndipo msewu wonse uno ukati mastandi ukunena ine. Pepala sindilemberana ndi munthu. Wofuna chipinda ndimamuyang'ana m'maso, ndimamuyang'ana nsapato, ndikakhutira ndimamuika kiyi m'manja. Mowa pa bwalo ayi, ndewu ayi, mpopi atseke. Kapolo amaika malamulo?

Zoona, malo ano anali a malemu apongozi anga, ndipo ana Mulungu sanatipatse. Koma malowo ndinawapeza ali thengo la minga.

Undiuze za kumudzi. Mwendo wa Yoswa mng'ono wathu unapola? Uyankhe msanga, usachite zako zija zogona ndi kalata mwezi wathunthu.

Dzina sindilemba, chala changa ndi ichi.
Yona Kamtedza

Mayi, wolemba ndine Elisha Nkhoma wa ku Zomba, ndimakhala chipinda nambala 3, ndimagwira ya kontirakiti ku mgodi. Ndalemba momwe madala anenera. Akuti ndikasintha mawu ngakhale amodzi andilanda kiyi.


Bapong, 4 Ogasiti 1996

Rozalia,

Moni kwa iwe ndi ana. Yankho lako sindinalione, koma tsiku lija lafika ndipo lapita.

Anabwera dzulo m'mawa anthu odzaza thekisi. Anapha nkhosa pafupi ndi mtengo wa pichesi umene anabzala Dikeledi. Anandikhazika pa mphasa, mayi wina wokalamba anandimeta mpala ndi lezala, anandisambitsa manja ndi nkhope ndi madzi a masamba. Kansalu kakuda kaja anakadula n'kukaponya pa moto. Ndinafuna kudzuka, koma ndinati Dikeledi asachite manyazi kumene aliko, ndinangokhala duu ngati mbuzi ya pa msika.

Kenaka anatulutsa zovala zake zonse, ngakhale duku lija la maluwa ofiira limene unamutumizira iwe, anaziwaza madzi n'kugawana ine ndikuona. Ine anandiveka shati yatsopano, jekete ndi chipewa. A Pitso anandigwira paphewa n'kunena pa Chifanakalo kuti ndimve: "Tsopano mwamasuka, madala."

Ndinawafunsa, "Ndamasuka kupita kuti?" Anangoseka n'kundipatsa chiwindi pa mbale.

Chimene chandidya mtima ndi ichi. Anthu akudya, ndinawaona a Pitso akuzungulira kuseli. Anagogoda lata la nambala 5 ndi ndodo, n'kumufunsa Comfort, mayi wa khanda amene amakhala m'menemo, ngati likudontha. Munthu amafunsa za denga la mwini wake chifukwa chiyani? Akuyendera katundu ameneyo, Rozalia. Ndagwira ndi akapitawo zaka zambiri, maso a munthu woyendera ndimawadziwa.

Iwe ndiwe unatsala ndi nzeru za amayi. Tandiuza, zimenezi n'chiyani?

Yona


Mayani, Dedza, 26 Ogasiti 1996

Achimwene,

Tikuthokoza Mulungu kuti muli moyo. Kuno tili bwino, chifuwa chokha. Yoswa akuyenda, koma ndi ndodo. Makalata anu onse awiri ndawalandira tsiku limodzi, poti amadzera ku sukulu ndipo amadikira aphunzitsi akapita ku positi.

Achimwene, mwatchona mpaka mwaiwala za kwanu? Mkazi wamwalira. Abale ake abwera, akumetani, agawana katundu wa malemu, akuvekani zatsopano, akuuzani kuti mwamasuka. Kuno timati chiyani? Akusudzulani. Ukwati watha, mwamuna atenge zake azipita kwawo. Zoti kapolozo ine sindikudziwa, mwina ndi mwano wawo, koma zinazo ndazizindikira ngati nkhope ya mwana wanga.

Inu mumati ndinu mwini. Pamalo pa apongozi? Ikani kachidutswa kamodzi patsogolo pa mawuwo mumve bwino: mkamwini. Munathawa chikamwini kuno muli mnyamata, mumati simungalimire munda wa apongozi. Mwakachipeza ku Joni chitavala nsapato.

Kumbukani Yoswa. Mkazi wake atamwalira ku Lobi anamusudzula bwinobwino, ndi nkhuku yomwe. Iye sanakangane ndi munthu. Anakwera pa denga, anazula malata ake, anabwera nawo pa ngolo. Khoma ndi la eni dothi, lata ndi la amene anagula. Mpaka lero palibe amene amamuseka.

Musadikire kuti akutulutseni ngati galu. Ndipo ngati malatawo asowa kopita, nyumba yanga ino ndi ya udzu, chaka chatha tinkagona titafunda mapepala a pulasitiki. Ndangonena.

Maliro a amayi simunabwere, a atsibweni simunabwere. Mwina Mulungu wapeza njira yake yokubwezerani.

Ndine mlongo wanu,
Rozalia


Bapong, 15 Seputembala 1996

Mayi Rozalia,

Moni mayi. Ndine Elisha uja wa nambala 3. Kalata iyi madala sakuidziwa, chonde musanditchule.

Kalata yanu ndinawawerengera kawiri. Kuyambira tsiku limenelo sakudya bwino, akungoyendayenda kuseli akuyang'ana m'mwamba. Ine mtima sunakhazikike, ndiye ndinafunsa mnzanga Mtswana amene timatsika naye mgodi. Anaseka mpaka kutsamira khoma. Akuti pa chilankhulo chawo kapolo ndi mwambo wovula zovala za maliro, basi. Si munthu wogulidwa ayi. Akuti ukatha mwambowo, mwamuna amakhala pomwepo pakhomo pake, ndipo abale a mkazi akakuchitira zimenezo ndiye kuti akukuwerengera ngati wawo. Amene samufuna samuphera nkhosa.

Ndinawauza madala. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Iwe wabwera liti ku Joni?"

"Chaka chatha, madala."

"Chaka chatha. Thumba la pulasitiki m'manja, nsapato ya tayala. Lero ukundiphunzitsa Joni ine?"

"Sindikukuphunzitsani, ndangofunsa kwa eni chilankhulo."

"Ukafunsa fisi ngati amadya mbuzi akuyankha chiyani? Mlongo wanga wanena. Iwe ntchito yako ndi bolopeni."

Lachinayi a Pitso anabwera ndi lata latsopano pa galimoto yawo ya bhaki, akuti la nambala 5, mvula isanayambe. Madala ataliona anati, "Waona? Ayamba kuika awo kuti adzati denga ndi lawo." Anatseka geti ndi loko. A Pitso anaima panja nthawi yaitali akuitana "Sebare, sebare," ndiye kuti alamu. Kenaka analitsamiritsa lata lija pa waya n'kupita.

Mayi, madala samva munthu wina koma inu. Lembani lero lomwe, muwauze kuti za kwathu si za kuno. Dzulo abwereka makwerero ndi chitsulo chozulira misomali. Tilipo mabanja asanu ndi limodzi pano, ndipo zipinda ku Bapong n'zosowa.

Elisha Nkhoma


Bapong, 29 Seputembala 1996

Rozalia,

Moni. Ndachita monga mwamuna.

Lolemba ndinaitana anthu anga onse pa mpopi. Ndinati pofika Lachisanu aliyense akhale atabweza kiyi, ine ndikupita kwathu ndi malata anga. Anayamba phokoso. Wina akuti tipite kwa apolisi, ndinati pitani, mukawaonetse pepala limene tinalemberana.

Comfort ndiye anandivuta. Anabwera pakhomo khanda lili kumsana.

"Madala, mwanayu anabadwira m'chipinda chanu. Dzina munamutcha ndinu. Tipite kuti?"

Ndinati, "Mwana wanga, nanenso andithamangitsa. Ukafunse a Pitso."

"A Pitso sanandilande kiyi. Mukundilanda ndinu."

Ndinamupatsa mbaula ya Dikeledi ya parafini, imene abale ake anaiiwala pogawana.

Loweruka ndinakwera pa denga ndekha. Zaka zanga zonsezi, koma mwendo sunanjenjemere. Msomali uliwonse ndinaudziwa, poti ndinaukhoma ndine. Pofika madzulo zipinda zonse zinali kuyang'ana kumwamba. Malata ndawasanja pafupi ndi pichesi, ndawatsindira ndi miyala. Anthu a mumsewu anadzaza pa waya, amayi ena atagwira pakamwa. A Pitso anafika nditatsala ndi chipinda chimodzi. Sanakalipe. Anavula chipewa n'kuima ngati ali pa manda, kenaka anati pa Chifanakalo, "Mlongo wanga anakulakwirani chiyani?" Ndinati, "Kapolo wanu akupita." Anandiyang'ana ngati ndapenga.

Tsopano imva. Uwauze a kwathu andikonzere malo pafupi ndi munda wanga wa kudambo uja. Ndikufunafuna lole yopita ku Malawi. Malata ena ndidzakufolerera iwe, usadandaule.

Elisha akulemba nkhope ili gwa, katundu wake ali kale pa geti. Akuti wapeza kona kwa mnzake ku Phokeng. Ndamuuza kuti alembe mpaka pa mapeto, ngongole ya ulemu ilipo.

Yona


Mayani, Dedza, 21 Okutobala 1996

Achimwene,

Moni wa bwino ndilibe.

Kalata ina yochokera kumeneko, imene inanyamuka pakati pa Seputembala, yafika dzana pamodzi ndi yanu. Inagona m'kabati ku sukulu, aphunzitsi anali ku maliro ku Ntchisi. Woilemba anandipempha kuti ndisamutchule, koma inu mukumudziwa, ndipo musamukalipire. Ikanafika nthawi yake bwenzi nditakuletsani.

Achimwene, ine ndinayankha za kuno. Ku Joni sindinapondeko, Mtswana sindinamuonepo ndi maso. Munandifunsa, ndinanena zimene ndikudziwa. Inu amene mwadya nawo anthuwo zaka zonsezi, munalephera kufunsa mawu amodzi okha? Mkazi munagona naye nyumba imodzi mpaka imfa, chilankhulo chake osachitola ngakhale cha pa maliro?

Za malata ndinalakwa kutchula. Mvula ikandinyowetsa pakamwa pamathamanga.

Tsono za munda wa kudambo. Ndinkaopa kukuuzani. Munda uja tinagawana chaka chimene anamwalira amayi. Mbali ina akulima ana anga, mbali ina Yoswa anabzala nthochi. Pamene panali nyumba ya amayi pali khola. Tinkati simudzabweranso, poti munthu amene sanabwere kudzaika mayi ake angabwerere munda? Mukabwera sitikuthamangitsani, mphasa ilipo. Koma mudzakhala mlendo wa ana amene sakudziwani nkhope.

Kumeneko munali ndi geti yanu ndi anthu okupatsani moni m'mawa. Bwezeranipo malatawo. Pitani kwa alamu anu mukagwade. Bondo silithyoka ndi kugwada kamodzi.

Yankhani, ndisamve za inu kwa anthu.

Rozalia


Bapong, 8 Disembala 1996

Rozalia,

Moni. Ndakhala chete chifukwa wondilembera ndinalibe. Kalata yako ndinayenda nayo m'thumba la jekete masabata atatu. Sindikanaipereka kwa munthu wamba kuti adziwe za m'nyumba mwanga. Lero Elisha wabwera yekha pa thekisi kuchokera ku Phokeng, akuti amafuna aone ngati ndili moyo. Wandiwerengera. Ndamva zonse, za munda ndi za khola. Sindiyankhapo.

Lole sinapezeke. Woyendetsa wina anabwera, anayang'ana malata, anati akale otere, obooka misomali, sangavutike nawo pa malire awiri. Ali pomwe paja. Pansi pake mwalowa achule.

Mvula inayamba pakati pa Novembala. Khoma la nambala 2 lagwa Lachitatu, la nambala 5 lachita mng'alu wolowa dzanja. Njerwa zija ndinaumba ndi simenti yochepa, zinkadalira denga. Ndimati ndibwezerepo malata, ndinakwera makwerero, pa sitepe yachinayi mutu unazungulira. Pozula ndinali ndi mphamvu, sindikudziwa kumene zapita. M'mawa ndimatsegula geti monga kale, koma palibe wotuluka. Mpopi sukhalanso wotsegula. Comfort ndinamuona ku thekisi, ndinamupatsa moni, anayankha mwaulemu ngati akuyankha munthu wachilendo. Mwana uja akuti akutsokomola, akukhala m'kachisakasa ka malata ku mapeto a mudzi.

Usandiuze kuti ndinalakwa kumva. Ndinamva bwino. Mawu ndi omwewo, kapolo. Ngati kwawo amatanthauza zina, bwenzi atandiuza. Elisha akuti anandiuza. Lemba zimene ndikunena iwe Elisha, usandiyang'ane.

Dzana ndinapita ku manda kukalimira pa Dikeledi. Ndinapeza a Pitso atalimira kale, atathira ndi miyala yoyera. Pambali pake pali malo amene anasiya tsiku la maliro, a munthu mmodzi. Nthawi yonseyi ndinkayesa ndi njira yodutsa. Wokumba manda wandiuza kuti a Pitso ndiwo anati pasaikidwe munthu, mpa alamu awo.

Tsono nkhani ndi iyi. Abale a Dikeledi akadandaula ku bwalo la mudzi. Akuti munthu amene anamuvula za maliro mwaulemu wasasula nyumba pa malo a bambo awo ngati pachitika nkhondo, wachititsa manyazi malemu. Mlandu uli Loweruka pa 11 Januwale. Akagamula ngati ndikhale pano kapena malo abwerere kwa eni. A Pitso anatuma mawu kuti iwo safuna kundichotsa, koma akuluakulu a banja akwiya, ndipo pa bwalo lawo munthu sadziyankhulira yekha pa mlandu wotere. Pafunika wa magazi ake, aime, apepese m'malo mwa mtundu wake. Akuti kwa zaka zonsezi sanaonepo m'bale wanga ngakhale mmodzi, ena akufunsa ngati ndinachita kuphuka pansi ngati bowa.

Zimenezi ndiye ndazimva popanda wotanthauzira. Akufuna nkhoswe.

Ukuti ndikagwade. Ine sindinagwadirepo mzungu wa ku mgodi, sindiyamba lero. Koma nkhoswe ikagwada, ndi mwambo, si manyazi.

Yoswa abwere. Nkhani ya malata ake a ku Lobi ndi imene inandikweza pa denga, nthochi zake zili m'munda mwanga, ndiye mwendo usakhale chifukwa. Ndodo ali nayo, basi ya ku Joni ili ndi mipando. Ukamuuze lero lomwe, usatume mwana, upite wekha. Akatenge pasipoti ku Lilongwe sabata ino, atsike ku Rustenburg pasanafike pa 9 Januwale, Elisha akamuchingamira. Abwere ndi jekete yabwino. Akaime pa bwalo paja anene kuti Yona Kamtedza ali ndi kwawo, ali ndi abale, ndipo mawu aja sanawamve. Akatha zimenezo adzandigwirire makwerero.

Yankho usalitumize ku sukulu. Yankho ndi Yoswa.

Chala changa ndi ichi.
Yona